Wakabaza akagwera m'ngalande imene mwakumba, amulipire ndani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kuno ku Mangochi yemwe ali ndi kakampani ka zomangamanga. Wapempha kuti dzina lake lisatuluke. Malonje ndadula, koma nkhani yake ndi iyi:

"Kontirakitala wamkulu wandipatsa ntchito yokumba ndi kumanga ngalande ya mamita 400 komanso kuika makalavati awiri m'mbali mwa msewu wa tala, pamsika wina kunja kwa tauni. Ndili ndi anyamata 14. Za zikwangwani bwanayo akuti ndione ndekha, chonsecho pa mtengo umene tinagwirizana mulibe ndalama ya zimenezo. Ntchito yake ndi ya masabata 6 okha. Kodi tepi ndi nthambi za mitengo sizingakwane? Nanga wakabaza atagweramo usiku, mlandu ndi wa ndani: ine, bwana wamkuluyo, kapena eni msewu?"

Achimwene, ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndi limene likukusowetsani tulo. Munthu akagwera m'ngalande imene mwakumba inu, woyamba kufunsidwa ndi inu. Wovulalayo akhoza kusumira nonse atatu, ndipo maloya amatero kumene, amalemba aliyense amene akukhudzidwa ndi ntchitoyo. Koma awiri enawo adzabwera ndi maloya awo, inshulansi yawo, ndi mapepala osonyeza kuti udindo wosamala pamalopo anaupereka kwa wina. Inu mudzabwera ndi chiyani? Ndipo ngalandeyo siweruka 5 koloko pamodzi ndi anyamata anu. Imakhala yanu usiku wonse, Loweruka ndi Lamulungu, ngakhale m'masabata amene mwaimitsa ntchito podikira kuti akulipireni.

Milandu yotere makhoti athu amaiweruza pa mfundo ya kusasamala. Woweruza safufuza ngati munali ndi mtima woipa, chifukwa palibe amene amakumba ngalande n'cholinga chothyola mnzake mwendo. Amafunsa ngati munthu woganiza bwino, atakumba dzenje podutsa anthu, akadaoneratu kuti wina angavulale, kenako amafunsa ngati inu munachita zimene munthu wotereyo akadachita popewa ngoziyo. Pamsika wa m'mbali mwa tala, pomwe njinga, ana asukulu, amayi osenza madengu a usipa ndi mbuzi amalimbirana kanjira kamodzi, funso loyambalo yankho lake ndi lodziwika kale. Mlandu wonse umatsalira pa lachiwiri. Cholakwa cha wantchito wanu ali pantchito nachonso chimawerengedwa kuti ndi chanu. Kapitawo akaiwala kudzutsa chikwangwani chimene chagwa, kapena dalaivala wa tipa akabwerera m'mbuyo osayang'ana, simungadzipulumutse ponena kuti tsikulo munali ku Blantyre kokagula zitsulo.

Ambiri amadzilimbitsa mtima kuti wakabaza nthawi zambiri amakhala alibe laisensi, alibe chipewa, nyali ya njinga yake ndi yakufa, mwinanso anali atalawako. Zimenezi zikatsimikizika zimathandiza ndithu, khoti limagawa kulakwako n'kuchepetsa chipukutamisozi. Koma limangochepetsa. Ndiye palinso wokwera kumbuyo uja, amene chiongolero sanachigwire, ndipo ali ndi ufulu wokusumirani payekha. Akagweramo mwana, zoti sanasamale ndiye musazitchule n'komwe.

Tsopano za eni msewu. Misewu ya manambala oyamba ndi M, S ndi T ili m'manja mwa Roads Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Kwathu kuno ndiye kuti M3 wochokera ku Liwonde, wooloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera ku Chowe mpaka ku Namwera ndi Chiponde, M10 wolowera cha ku Monkey Bay ndi Golomoti, komanso msewu wa ku Makanjira wodzera ku Malindi ndi Lungwena. Misewu ya mkati mwa tauni ndi ing'onoing'ono ya m'midzi imayang'aniridwa ndi khonsolo. Msewu si phula lokha ayi. Malo osungidwira msewu, omwe pa misewu ya M kunja kwa tauni ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, nawonso ali pansi pa mwini msewu, ndipo lamulo la Public Roads Act sililola kukumba kapena kuunjika zinthu m'menemo popanda chilolezo. Zoti anthu anamangamo kale magolosale ndi zigayo ndi nkhani ina, inu musatengere pamenepo. Ngati ntchitoyo yachokera kwa mwini msewu yemweyo, chilolezo chili m'kontirakiti ya bwana wanu. Koma ngati wolipira ndi mwini loji kapena malo omwetsera mafuta amene akufuna kalavati polowera pake, pemphani kuona kalata yovomereza ndi maso anu piki isanagwe pansi. Mufunsenso a Southern Region Water Board, a ESCOM ndi makampani a mafoni kuti mapaipi ndi nthambo zawo zadutsa pati. Kuboola paipi yamadzi kapena kudula nthambo ya intaneti ndi ngongole imene ingadye phindu lonse la masabata 6 anuwo.

Mawu oti "za zikwangwani muone nokha" andikayikitsa, ndiye tikhalepo pang'ono. Makontirakiti ambiri a misewu m'dziko muno amatsata buku la SATCC, lomwe limafotokoza kamangidwe ka misewu m'mayiko a kum'mwera kwa Africa, ndipo gawo 1500 la bukulo limakamba za kasamalidwe ka magalimoto ndi anthu ntchito ili mkati: zikwangwani, anyamata a mbendera, njira zolambalala, kuthira madzi pa fumbi. Mu BOQ (mndandanda wa ntchito ndi mitengo yake) ya ntchito yaikulu zimenezi kawirikawiri zimakhala ndi mzere wakewake ndi ndalama yake. N'kutheka kwambiri kuti bwana wanuyo ndalama ya zikwangwani analembera ndipo azilandira, inu akungokupatsirani udindo wopanda khobidi. Sindikuti ndi wakuba. Mwina akungoyesa ngati muli maso. Mufunseni mwaulemu, koma polemba, kuti zikwangwani ndi makoni (tizipilala tosongoka toika pamsewu) abweretsa ndani, mlonda wa usiku amulipira ndani, ndipo pulani ya kayendedwe ka magalimoto imene injiniya woyang'anira anavomereza ili kuti. Pulani imeneyo mukhale nayo kope lanu pa saiti.

Tengani pepala limene munasainirana muliwerengenso modekha. Mukapezamo mawu oti indemnify kapena hold harmless, dziwani kuti munalonjeza kuti bwanayo akalipitsidwa chifukwa cha gawo lanu la ntchito, inu mudzamubwezera, mpaka ndalama za maloya ake. Ngati munangogwirizana pakamwa kapena pa WhatsApp, vuto ndi lomwelo mwanjira ina: tsiku la ngozi aliyense adzakumbukira mgwirizanowo momwe zimukomere. Kulipira loya kuti awerenge masamba atatu musanayambe ntchito ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kumulipira kuti akuimirireni m'khoti.

Nthambi tonse timazidziwa. Lole ikafera panjira, kapena pamudzi pakagwa maliro, ndi zomwe timayala pamsewu, ndipo masana madalaivala amazilemekeza. Koma pa dzuwa la kuno pakatha masiku awiri zauma, masamba mbuzi zadya, ndipo usiku sizioneka. Tepi nayo imangouza munthu wopenya kuti apa pali kanthu, sigwira aliyense. Taonani masamu ake. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala pongoona chinthu n'kuchizindikira, phazi lisanafike pa buleki, yapita kale mamita 30 kapena 40. Kuti iime pa tala wouma ikufunanso mamita ena pafupifupi 35, ndipo ngati ndi minibasi yodzaza ya matayala akutha, kapena kwagwa mvula, wonjezerani. Chikwangwani choimikidwa pakamwa pa dzenje ndiye kuti dalaivala achiwerenga atagunda kale.

Choncho chenjezo liyambire kutali, mbali zonse ziwiri za msewu. Mitunda yeniyeni ili m'pulani ya injiniya ndipo muitsate imeneyo, koma ine pamsewu wa liwiro sindikhutira ngati chikwangwani choyamba chili pafupi kuposa mamita 200. Poyamba chouza kuti kutsogolo kuli ntchito, kenako chochepetsa liwiro, kenako chosonyeza kuti msewu ukuchepa, ndiyeno makoni ondandalikidwa mopendekeka kuti galimoto ipatuke pang'onopang'ono, osati kuitsekera mwadzidzidzi. Pakati pa makoni omalizawo ndi pamene pali anthu anu musiye malo opanda munthu, opanda wilibala, opanda mgolo wamadzi, oti galimoto yolephera kuima ithere pamenepo. Pokhota ndi pachitunda, ngati zija za ku Chowe, chenjezo likhale munthu asanakhote. M'buku la zizindikiro za pamsewu la SADC zikwangwani zosakhalitsa zimakhala zachikasu, kuti dalaivala adziwe msanga kuti pano zinthu zasintha. Kabolodi kolemba ndi penti yotsala pomanga nyumba sikalowa m'malo mwa zimenezo. Ntchito ikasuntha, nazonso zisunthe. Chikwangwani chosiyidwa pomwe palibe ntchito chimaphunzitsa madalaivala kunyozera zikwangwani zanu zonse.

Chimene mabuku ambiri sachiganizira mokwanira ndi ichi: chonyezimira chimangobweza kuwala kumene chalandira. Kwa galimoto ya nyali zabwino chimawala patali. Kwa wanjinga yakapalasa yopanda nyali, kapena woyenda pansi, ndi mdima basi. Tsono ganizani amene amayenda m'mbali mwa misewu yathu usiku ndi m'bandakucha: ogula nsomba olawirira kudoko, opita kumzikiti kuswala ya m'mamawa, obwera koonera mpira, ndipo m'mwezi wa Ramadan anthu amayenda usiku kuposa masiku onse. Amenewa chowateteza ndi chotchinga chenicheni chogwirika, cha mapolo kapena nsungwi zolimba chofika m'chiuno, chokhala ndi ukonde kapena mtanda wam'munsi kuti mwana asalowe chokwawa, ndi nyali za sola zoyaka usiku wonse. Migolo yachitsulo yodzaza miyala ndimaikana, chifukwa wanjinga yamoto akaiomba ndiye kuti mwamupulumutsa ku dzenje n'kumupha ndi mgolo. Pakhomo pa golosale iliyonse, pa njira ya kumjigo ndi ya kusukulu, ikani powolokera pa matabwa olimba okhomedwa pamodzi. Mukapanda kutero anthu azidumpha, kapena adzazula chotchinga chanucho kuti adutse, ndipo simungawadzudzule. Nyengo ya mvula ngalande ikadzaza madzi imafanana ndi chithaphwi wamba, ndipo mwana wamng'ono amamira m'madzi osafika n'komwe m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse sifuna kugula kanthu: musakumbe mamita 400 onse nthawi imodzi. Ndikudziwa chimene chimakopa, aganyu okumba amalipidwa pa mita ndipo ntchito imaoneka kuti ikuyenda bwana akamadutsa. Koma kumbani mamita 30 kapena 50, mangani, kwirirani m'mbali, kenako sunthani. Zotchinga ndi nyali za mamita 50 mukhoza kuzikwanitsa, ndipo mlonda mmodzi angathe kuziona zonse ali pamodzi. Makalavati odula msewu muike theka, mutseke, kenako theka linalo. Mchenga ndi kwale musalole kuti tipa ikhuthule m'mbali mwenimweni mwa tala. Mulu wa pamenepo umakankhira oyenda pansi ndi njinga pakati pa msewu, ndipo timiyala tomwazikira pa phula timagwetsa njinga yamoto popanda dzenje lililonse.

Zikwangwani zili ndi adani awiri, mphepo ndi akuba. Mwera ukayamba kuomba miyezi yozizira umazigwetsa chafufumimba, ndiye miyendo yake muipsinje ndi matumba a mchenga. Akuba amafuna malata ndi zitsulo zake, ndipo nyali za sola ndiye zimachita kuitana. Mlonda ndi wofunika, koma woposa mlonda ndi anthu apamalopo. Musanayambe kaonekereni kwa amfumu, kwa komiti ya pamsika, kwa wapampando wa akabaza pa siteji, ndi kwa ahedi a pasukulu yapafupi. Pemphani kuti alengeze kumzikiti Lachisanu ndi kutchalitchi Lamulungu. Aganyu ena mulembe apamudzi pomwepo. Ngati ntchito ili cha ku Namwera, Malindi kapena Makanjira, wa mbendera akhale wodziwa Chiyao.

Wa mbendera ameneyu makontirakitala aang'ono timamupeputsa, timasankha mnyamata amene walephera kugwira fosholo. Chonsecho ndi iye amene waima pakati pa lole ndi anthu 13 otsalawo. Avale chonyezimira, aime poonekera patali, ayang'ane kumene magalimoto akuchokera, ndipo kumbuyo kwake kukhale kothawira. Ngati mwatseka mbali imodzi ya msewu akhale awiri, okhala ndi bolodi la STOP ndi GO, oonana kapena olankhulana pafoni. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala munthu sangaime pa phula tsiku lonse mutu ukugwirabe, ndiye azisinthana. Apolisi apamsewu adziwitseni polemba tsiku limene mutseke mbali ya msewu, ndipo kope lodindidwa mulisunge. Kudziwitsa apolisi sikuchotsa udindo pa inu, kumangosonyeza kuti munachita zinthu mwadongosolo.

Za inshulansi. Ya ntchito zomangamanga imatchedwa Contractors' All Risks, ndipo nthawi zambiri ili ndi mbali ziwiri: yolipira ntchito ndi zipangizo zikaonongeka, ndi yolipira anthu apadera akavulala kapena katundu wawo akaonongeka. Inu imene ikukukhudzani ndi yachiwiriyo. Bwana wanu akakuuzani kuti "tonse tili pa inshulansi yanga", pemphani kope muone ngati dzina la kampani yanu, kapena mawu okhudza makontirakitala ogwira pansi pake, alembedwamo, komanso ngati masiku ake sanathe. Ngati mulibe, kampani ya inshulansiyo ikhoza kulipira wovulala m'malo mwa bwanayo kenako n'kutembenukira kwa inu kuti mubweze. Muonenso malire a ndalama imene angalipire, ndalama yoyamba imene mumalipira nokha pa ngozi iliyonse, ndi zimene akunena pa mapaipi ndi nthambo za pansi pa nthaka. Inshulansi imeneyi siteteza antchito anu, ndiponso siteteza ngozi ya galimoto yoyenda pamsewu. Tipa yobwereka ikhale ndi inshulansi yakeyake yamoyo, ndipo musaikweze anyamata pamwamba pa mchenga. Antchito ali ndi malamulo awo, la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 lokukakamizani kuwateteza pantchito, ndi la Workers' Compensation Act la 2000 la chipukutamisozi akavulala. Ngakhale waganyu wa tsiku limodzi akhoza kukusumirani ngati wavulala chifukwa cha kulekerera kwanu.

Simunanene kuti kampani yanu munailembetsa motani. Ngati ndi dzina la bizinesi chabe, pamaso pa lamulo inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi, ndipo mukaluza mlandu osalipira, masherifu akhoza kudzanyamula galimoto yanu ndi katundu wa m'nyumba. Kampani ya Limited imaika mpanda pakati pa ngongole za kampani ndi chuma cha banja, ngakhale mpandawo suteteza munthu pa cholakwa chimene wachita yekha ndi manja ake, kapena pa mlandu wa kupolisi munthu akafa chifukwa cha kunyozera koonekeratu. Satifiketi yanu yochokera ku bungwe loyang'anira makontirakitala nayo ikhale yosatha masiku.

Ngozi ikachitika, choyamba ndi kuthamangira naye kuchipatala, ndi galimoto yanu ngati ilipo. Kenako apolisi, bwana wamkulu, ndi a inshulansi tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kuwauza ndi chifukwa chokwanira choti akane kulipira. Jambulani malowo momwe alili musanakonze chilichonse. Musathamangire kuika zikwangwani zimene panalibe kuti zioneke pa chithunzi, anthu apamsika amakhala ajambula kale ndi mafoni awo. Pali kukokana pakati pa umunthu ndi inshulansi, poti a inshulansi amaletsa kuvomera kulakwa musanawafunse. Ine ndimati kukazonda wodwala, kugula chakudya, kukhala nawo pamaliro ndi kupereka chipepeso, zonsezo chitani, ndipo mwachangu, chifukwa abale athu achisilamu sachedwetsa maliro. Kontirakitala wobisala pa nthawi yotere amautsa mkwiyo umene umathera pa zipangizo zake ndi anyamata ake. Chimene musachite ndi kusaina pepala lovomera mlandu kapena lolonjeza ndalama zakutizakuti muli pakati pa khamu. Kugwirizana kwa amfumu kumaziziritsa mitima, koma sikuletsa banjalo kupita kukhoti pambuyo pake.

Milandu ya kuvulala munthu amakhala ndi zaka 3 zokasuma. Ndiye kuti samani ikhoza kukupezani ntchito inatha kalekale, kapitawo anapita ku Joni, inuyo simukukumbukiranso kuti usiku umenewo nyali zinayaka kapena ayi. Gulani kope la sukulu likhale la pa saiti. M'mawa ndi madzulo aliwonse kapitawo alembe tsiku, nthawi, zikwangwani zimene zilipo, chimene chabedwa ndi nthawi imene chabwezeredwa, dzina la mlonda ndi a mbendera. Poweruka ajambule zithunzi kuyambira pa chikwangwani choyamba mpaka chomaliza, china kutada nyali zikuyaka, n'kukutumizirani inu ndi bwana wamkulu pa WhatsApp kuti tsiku ndi nthawi zidzilembe zokha. Pomaliza ntchito mulandire kalata yosonyeza tsiku limene mwapereka malowo, ndipo muzipitako kukaona ngati dothi limene munakwirira pa makalavati silinatitimire mvula yoyamba itagwa.

Ndikadakhala inu, sabata ino ndikadawerengera mtengo wa zikwangwani za mbali zonse ziwiri, makoni, mapolo ndi ukonde wa mamita 50, matabwa owolokera, nyali, malipiro a mlonda ndi a mbendera awiri kwa masabata 6, ndi inshulansi ngati ya bwanayo sikukutchulani. Zikwangwani ndi makoni mukagula zidzakugwirirani ntchito zinanso, ndiye mtengo wake wonse musauike pa ntchito imodziyi. Chiwerengerocho mupite nacho kwa bwanayo ndi njira ziwiri: awonjezere ndalamayo pa mtengo wanu, kapena abweretse zipangizo zake ndi mlonda wake ndipo alembe kuti kusamala magalimoto ndi anthu pamalopo ndi udindo wake. Makontirakitala aakulu ambiri amakhala nazo zikwangwani zongokhala ku yadi, ndipo kubwereketsa sikuwavuta. Akakana zonse ziwiri, chotsani ndalamayo pa phindu lanu muone chotsala. Chikatsala chogwirika, igwireni ntchitoyo mamita 50 pa nthawi. Chikapanda kutsala, mubwezereni ntchito yake mwaulemu.